Dzina Langa Linali Palibekanthu

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.

Kuno ku Kachulu mumandidziwa kuti ndine Elia. Koma mukapita kumudzi kumene ndinakwatira, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, n'kufunsa za Elia, anthu adzakanda mutu. Mukati mukufuna a Palibekanthu, aliyense adzakuuzani mbiri yanga yonse.

Dzinali ndinadzipalira ndekha. Munthu akandiponda phazi, palibe kanthu. Akabwereka khasu langa n'kubweza mpini wokha, palibe kanthu. Kusikimu mnzanga wakumtunda ankatseka ngalande ndi matope pa tsiku langa lothirira, mpunga wanga n'kumafota ine ndikuona. Ndinkangoti palibe kanthu, madzi abwera.

Anthu ankanditama. Ankati munthu wa Mulungu ndi ameneyu. Ine ndinkavomereza mumtima. Mowa sindinkamwa, mkazi sindinkamenya, kutukwana sindinkadziwa. Ndinkaganiza kuti kumwamba ndikalowa osagogoda n'komwe.

Khalidweli linayambira kutali. Kwathu bambo ndi mayi ankakangana kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Ine ndinazindikira ndili wamng'ono kuti mwana wosapempha kanthu sakalipiridwa. Ndinasiya kupempha. Pambuyo pake ndinasiyanso kufuna.

Nditakula ndinakwatira Esinati, ndipo ndinakakhala kwawo chikamwini. Akulu amati mkamwini asamakule mwendo. Wanga unali waung'ono kale, koma ndinaupindanso.

Esinati ndi mayi wolankhula zimene zili kumtima. Poyamba ankaseka za kufatsa kwanga. Kenako kusekako kunatha. Akandifunsa kuti tibzale mpunga uti, ndinkati uliwonse. Akandifunsa kuti tifolere nyumba chaka chino kapena chamawa, ndinkati mmene mwaonera inuyo. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bambo a Tiya, kodi inuyo m'nyumba muno mulimo?"

Ndinaseka. Ndinayesa nthabwala.

Tiya ameneyo anali mwana wathu, Tiyamike. Tinali naye mmodzi yekhayo, wamkazi. Anali asanayambe sukulu. Ndinali ndi njinga yanga yakapalasa, ndipo ntchito ya Tiya inali kuliza belu. Ndikamukhazika kutsogolo, ankaliza kuchokera pakhomo mpaka kusikimu, kaya m'njira muli munthu kaya mulibe. Anthu ankadziwa kuti tikubwera tisanaoneke.

Inali nyengo yomweta mpunga. M'mawa wina Tiya anadzuka thupi lili moto. Phala anakana. Esinati anati, "Mwanayu ndi malungo awa. Ndikatunge madzi msanga, ndikabwera tinyamuke wa kuchipatala. Pompani njinga."

Ndinapompa. Ndili mkati momanga kansalu pakaliyala, anafika alamu anga a Jemusi, mchimwene wake wa Esinati, mwini mbumba pamudzipo. Anali ndi thumba la mpunga loti apite nalo kumsika.

"Alamu, mwachita bwino mwapompa kale. Ndibwerekeni, ndingotula thumbali n'kubwerako. Kapena pali vuto?"

Abale, munthuyo anafunsa. Sanalande. Anafunsa bwinobwino, mwana wanga akubuula kuseri kwa chitseko. Ine ndinaona nkhope ya alamu, ndinaganiza za mmene ingasinthire ndikakana.

"Palibe kanthu, alamu. Tengani."

Esinati atabwera anatula ndowa n'kuyang'ana pamene panali njinga. Anandiuza kuti ndikabwereke ina. Mudzi wonse unali kuminda, ndipo njinga imene inatsala inali ya bambo wina wovuta, amene ndinkaopa kumugogodera. Ndinati tidikire pang'ono, alamu anena kuti sachedwa. Dzuwa linakwera. Ndinatinso tidikire pang'ono. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Masana mwana anayamba kukomoka, maso atatembenuzika. Apo m'pamene ndinamubereka kumsana n'kuyamba kuthamanga, Esinati akulira pambuyo panga. Tinadutsa m'migula ya mpunga. Anthu ankaimika zikwakwa n'kumatiyang'ana. Tisanafike pamsewu, ndinamva timanja take tamasuka pakhosi panga.

Tinabwerera naye kunyumba woyenda pang'onopang'ono. Panalibenso chothamangira.

Zimenezi zokha zikanakwana kuthyola banja. Koma chimene chinatha zonse chinachitika mawa lake, titachokera kumanda.

Ine ndi Esinati anatikhazika pamphasa pakhonde, anthu n'kumabwera kudzatipepesa asanabalalike. Ine mutu unali uli zii. Misozi sinkabwera. Ndinkangoona manja akubwera, manja akupita. Ndiye anafika mkulu wina wa mpingo, munthu wachikulire. Anagwada, anagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri, n'kunena kuti, "Pepani, bambo a Tiya. Pepani kwambiri."

Pakamwa panga panayankha pokha.

"Palibe kanthu."

Nonse mukudziwa. Pamaliro munthu akati pepani, umati zikomo, kapena umangowerama. Palibe kanthu ndi yankho la kwa munthu amene wakudonthezera tiyi pamalaya. Ine ndinayankha choncho pa mwana wanga, dothi la kumanda kwake lili m'mapazi mwanga.

Mkulu uja anasiya dzanja langa. Amayi amene anali pafupi anasiya kulira. Esinati anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakuwe, sananditukwane. Anangosuntha pang'ono pamphasapo kuti nsalu yake isandikhudze.

Ndinkafuna kunena kuti lilime laterereka. Ndinkafuna kunena kuti mkati muno ndikupsa. Koma ndinaona kuti ndikatsegula pakamwa pabuka nkhani, ndipo nkhani ndinkaiopa kuposa imfa. Ndinakhala chete tsiku limenelo. Ndinakhala chete sabata imeneyo, mpaka mwezi unatha.

Kuyambira pamenepo Esinati sananditchulenso bambo a Tiya. Akafuna kundiitana ankangoti, "Inu."

Ankhoswe atakhala pansi kuti amve nkhani yathu, anandipatsa mpata. Anati lankhulani, bambo, banja ndi lanu ili. Ine ndinati zimene agamule akuluakulu, ine ndilibe nazo mawu.

Esinati anaimirira. "Mwamva nokha. Mwana wapita, palibe kanthu. Banja likutha, palibe kanthu. Musawavutitse, akunena zoona. Mwa iwowa mulibe kanthu. Ine ndatopa kukhala ndi chithunzi."

Ndinanyamula kachikwama kanga. Njinga ndinaisiya itatsamira khoma, sindinathe kuigwira.

Umu ndi mmene ndinafikira kuno ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja. A Likaka, amene akhala kutsogoloku, anandilemba ntchito yowamba milamba ndi kuyanika matemba. Mowa umene ndinkanyadira kuti sindimwa ndinauyamba sabata yoyamba. Sindinaufune. Mnzanga wina anandipatsa kapu ya kachasu, ndipo kukana sindinkadziwa. Nditamwa ndinapeza kuti umagonetsa chinthu china chimene chinkandidya pachifuwa. Basi, ndinapeza bwenzi.

Zaka zinapita choncho. Ndinkadzuka, ndinkawamba nsomba, ndinkamwa, ndinkagona. Njinga ikaliza belu pamsika, ndinkalowa kuseri kwa thandala loyanikira matemba mpaka idutse. Kupemphera ndinasiya. Sindinakwiye naye Mulungu, ayi. Ndinangomuchita zimene ndinkachita aliyense. Ndinamuuza kuti palibe kanthu, n'kumutalikira.

Chinthu chimodzi chokha sichinkagona ngakhale ndimwe bwanji. Kwinakwake kunali mayi amene ankakhulupirira kuti mwana wake anafa bambo ake osamva kanthu. Ndinkafuna adziwe kuti si zoona. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo ine ndinali munthu woti ngakhale kupempha mchere kwa mnansi kunkandilemera.

Kenako chinafika chaka chimene nyanja inaphwa. Mabwato anakhala pamatope ngati ng'ombe zakufa. Ogula nsomba anasiya kubwera. Ntchito inatha, anzanga omwa nawo anabalalika. Tsiku lina dzuwa lili pamutu ndinayamba kuyenda kulowera kumene kunali madzi. Ndinali nditatsimikiza kuti sindibwerera. Ndinayenda pa nthaka yong'ambikang'ambika mpaka mapazi anatuluka magazi. Madzi amene ndinawapeza sanafike n'komwe m'mawondo.

Ndinakhala pansi pamatopepo n'kuseka ngati wamisala. Munthu wofuna kudzimiza, nyanja n'kumuthawa. Ndinaona kuti ngakhale imfa yandiyesa chinthu chopanda ntchito. Ndinabwerera chifukwa chosowa kolowera, osati chifukwa cha chiyembekezo.

Patapita masiku, a Likaka anandipeza nditagona pansi pa bwato lawo. Anandigwedeza ndi phazi.

"Iwe Elia, Loweruka kutchalitchi kukubwera mayi wina wa ku Zomba kudzaphunzitsa. Upite. Ukasambe kaye."

Sindinkafuna kupita. Koma mukudziwa kale chimene ndinayankha. Ndinalowa m'nyumba ino chifukwa cha matenda omwewo amene anandiphera mwana, kulephera kunena kuti ayi. Mulungu ali ndi njira zake.

Mayiyo anali Mayi Sambani, mphunzitsi wopuma. Anajambula chozungulira pabolodi n'kulembapo manambala mpaka naini. Anati iyi ndi njira ina yothandiza munthu kudzidziwa. Anatchula dzina lake lachingerezi, koma lilime langa linalikana mpaka lero. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, mutu ukuwawa ndi matsire.

Anati, "Tiyerekeze bwato latitimira m'matope, amuna angapo abwera kudzakoka. Mukawaona, onse akuchita chimodzimodzi. Koma wina akukoka chifukwa kusiya mnzako pamavuto n'kulakwa, ndipo iye kulakwa sapirira nako. Wina akufuna mwini bwato azimukonda. Wina akufuna anthu aone mphamvu zake. Wina akuopa kuti mawa likatitimira lake adzasowa womuthandiza. Chingwe n'chimodzi, koma chowakoka iwowo n'chosiyana. Lero sitifunsa kuti mumachita chiyani. Tifunsa kuti chimakukokani n'chiyani."

Anatipatsa mafunso awiri oti aliyense adzifunse. Kodi chimene ndimaopa kwambiri n'chiyani? Nanga chimene mtima wanga umachilakalaka, mwina osadziwa, n'chiyani?

Atayamba kufotokoza mitundu ya anthuyo umodziumodzi, m'tchalitchi munabuka phokoso. Amayi ankatsina anzawo n'kumaloza amuna awo. Bambo wina anakuwa kuti nambala eyiti, wosafuna kulamulidwa uja, ndi apongozi ake enieni. Mayi Sambani anamenya tebulo. "Nambala ya mnzanu isiyeni. Simungaione, chifukwa ili mkati. Aliyense asenze wake mtolo."

Ine yanga ndinaipeza msanga, ndipo inandikomera. Nambala thu, munthu wothandiza ena. Si ine nanga ndinkabwereketsa makasu? Si ine ndinapereka njinga? Kwa kanthawi ndinamva bwino. Ndinati kani vuto langa ndi mtima wabwino wopitirira muyeso.

Pa nthawi yopuma mayi aja anandipeza pakhomo. Anandifunsa kuti ndadzipeza pati. Ndinawauza.

"Chabwino. Mukathandiza munthu, iye osathokoza, zimakupwetekani?"

"Ayi, mayi. Palibe kanthu."

"Nanga mumapita nokha kukafunafuna woti mumuthandize, kapena amachita kukupezani?"

"Amandipeza."

"Akakupezani, mumapereka chifukwa mwakondwa, kapena kuti achoke msanga popanda mawu?"

A Likaka anali chapafupi akumwa madzi, ndipo anayankha m'malo mwanga. "Mayi, uyu sathandiza munthu. Uyu amangothawa. Kungoti amathawa ataima pomwepo."

Zinandiwawa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Titalowanso, Mayi Sambani anafika pa nambala yomaliza, naini. Anati alipo anthu amene chimene amaopa kwambiri ndi mkangano, chifukwa kwa iwo mkangano uli ngati kutayidwa. Amalakalaka mtendere, ndipo amaugula podzifafaniza okha. Safuna kanthu, sakana kanthu, sasankha kanthu. Anthu amawatcha ofatsa. Koma mkwiyo wawo ndi chisoni chawo sizinafe. Zili ngati mlamba nyanja ikaphwa, umangolowa pansi pa matope n'kukhala chete, uli moyo. Ndipo anati, "Anthu otere amaganiza kuti kukhala chete sikupweteka munthu. Koma amene amakhala nawo amafa ndi njala ya munthu, ali naye m'nyumba momwemo."

Ndinamva mawu a Esinati. Kodi inuyo m'nyumba muno mulimo?

Abale, sindinasangalale. Amene amati kudzidziwa n'kokoma sanadzidziwe. Ndinamva ngati andivula pamsika. Zaka zonse ndinkati ndine munthu wamtendere, pamene ndinali munthu wamantha. Sindinapereke njinga ija chifukwa chokonda alamu. Ndinaipereka kuti nkhope yawo isasinthe. Ndinagula mtendere wa m'mawa umodzi, mtengo wake n'kukhala Tiyamike.

Anthu atatuluka ndinatsala pabenchi. Mayi Sambani anabwera kudzakhala pambali panga, ndipo ndinawauza zonse. Anali munthu woyamba kumva nkhaniyi kuchokera pakamwa panga.

Sananditonthoze ndi bodza. Anati, "Nambalayi sikupulumutsani, bambo. Komanso isakhale pobisalira, yomati ndi mmene ndinabadwira. Yangokuonetsani pamene pali bala. Wochiza ndi wina. Mwamuuzapo Iyeyo zimene mwandiuzazi?"

Ndinati sindidziwa poyambira.

"Yambirani pa mawu amene munanama nawo."

Ndinagwada apo, pafupi ndi zenera lachiwirilo. Ndinati, "Ambuye, kanthu kalipo." Misozi imene inakana kubwera pamaliro inabwera tsiku limenelo. Ndinalira mokuwa ngati mwana. Ndinamuuza Mulungu kuti ndakwiya. Ndakwiyira alamu, ndakwiyira bambo anga, ndadzikwiyira ndekha, ndamukwiyiranso Iyeyo. Ndinkayembekeza kuti denga ligwa. Silinagwe. Kwa nthawi yoyamba ndinakangana ndi wina, iye osandisiya.

Pamenepo ndinapereka moyo wanga kwa Yesu. Si moyo wa munthu wabwino uja ndinkadziyesa, koma wa Palibekanthu, wamantha ndi woledzera.

Musaganize kuti ndinadzuka mawa lake ndili mkango. Ayi yanga yoyamba ndinauza wogulitsa kachasu. Ndinagwa kangapo. A Likaka anandidzutsa kangapo. Mayi Sambani akabwera ankandipatsa ntchito yooneka yachibwana, yoti tsiku lililonse ndinene chinthu chimodzi chimene ndikufuna, ngakhale chikhale chakuti ndiwo zachepa mchere. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kuphunzira kufuna.

Mvula itabwerera, madzi atayamba kudzaza nyanja, ndinadziwa kuti ulendo wina ukundidikira. Ndinapita wapansi kumudzi kwa Esinati.

Woyamba kundiona anali alamu a Jemusi. Anali atakalamba kuposa zaka zawo. Anaima pakati pa njira.

"A Palibekanthu, mwadzatani? Mlongo wanga anakwatiwa. Musadzatokose zilonda. Bwererani."

Kale ndikanatembenuka pomwepo, n'kuwathokozanso. Koma ndinati, "Ayi, alamu. Banja lake sindidzalisokoneza. Ndili ndi mawu amodzi, ndipo sindibwerera nawo. Inunso ndili nanu mawu. Tsiku lija munandifunsa ngati pali vuto. Vuto linalipo, ine ndinakubisirani. Mlandu umenewo si wanu."

A Jemusi anayang'ana kumbali. Kenako anapatuka, n'kunditsogolera okha.

Esinati tinamupeza akupeta mpunga pabwalo, khanda lili kumsana. Mumtima ndinali nditabisa kachiyembekezo kena kopusa, ndipo nditaona khandalo kanafera pomwepo. Njinga ija inali pomwe ndinaisiya, matayala ataphwa, dzimbiri lokhalokha.

Ndinakhala pansi chapatali. Iye sanasiye kupeta.

Ndinati, "Amake Tiya, sindinabwere kudzapempha banja. Ndabwera kudzabweza mawu. Ndinanena pakhonde apo kuti palibe kanthu. Ndinanama. Kanthu kanalipo. Mwana uja ndinkamukonda kuposa moyo wanga, ndipo ndinamupha ndi mantha anga. Palibe tsiku limene sindimva belu lake. Inunso ndinakusiyani mulire nokha. Pepani."

Lichero linaima.

Kenako anati, "Mukuyembekeza kuti ndiyankhe bwanji? Ndinene kuti palibe kanthu?"

"Ayi. Musanene."

"Sindinena. Mwachedwa, a Elia. Mawu amenewa ndinawadikira pamphasa paja. Ndinawadikira pamaso pa ankhoswe. Mukanangolira kamodzi kokha, ine sindikanakuchotsani."

Ndinati ndikudziwa. Misozi inkangotsika, ndipo sindinaibise.

Esinati anapempha alamu kuti andiperekeze kumanda. Ndinakalambula udzu ndi manja, ndinalankhula ndi mwana wanga. Pobwerera ndinadzera pabwalo paja kudzatsazika. Esinati anali atayambanso kupeta. Sanadzuke, sanandipatse dzanja. Ndinatembenuka kuti ndizipita, ndipo ndili pampata wa mpanda ndinamva mawu ake kumbuyo.

"Muyende bwino, bambo a Tiya."

Abale, banja langa silinabwerere. Mwana wanga sanabwerere. Ndimakhala ndekha m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, ndipo masiku ena chisoni chimandikhalira pachifuwa mpaka kulephera kudya. Sindinaime pano kuti ndikuuzeni kuti zonse zinakhala bwino.

Ndaima pano chifukwa cha ichi. Mulungu ataona tchimo langa sananene kuti palibe kanthu. Akanatero, bwenzi ndikuti nayenso sakundiwerengera. Iye anati kanthu kalipo, n'kolemera, ndipo anapereka Mwana wake yekhayo kuti akasenze. Amadziwa kuika mwana m'manda. Ndi Mulungu yekhayo amene ndikanatha kumukhulupirira. Dzina lake lilemekezeke.

Mwina muno muli wina wotamidwa ngati mmene ndinkatamidwira ine. Mwina ndinu wothandiza aliyense, kapena wolimba mtima, kapena wosalakwa. Musayang'ane mnzanu. Dzifunseni nokha kuti chimakukokani n'chiyani, ndipo mumaopa chiyani. Mukachipeza, musachedwe nacho ngati ine. Bwerani nacho kwa Yesu lero, amene akudikira mawu anu akadali pamphasa pambali panu.

Ine ndine bambo a Tiya. Ambuye alemekezeke. Amen.